Bodi ya Corvette Yakale Imafuna Munthu Wodikira

Pa ntchito zonse zimene munthu amakumana nazo akafuna kudzutsa galimoto yakale ya liwiro, pali imodzi imene ndikukhulupirira kuti imatheka bwino pakhomo kusiyana ndi ku galaja ya malonda, ndipo ntchitoyo ndi yokonza bodi ya faibagalasi. Ambiri angadabwe nazo, chifukwa bodi ndiyo imaonedwa ndi aliyense, ndipo kabampu kalikonse kamaonekera poyera dzuwa likawomba pa penti. Maganizo anga ndi akuti chimene faibagalasi amafuna kwambiri ndi nthawi, makamaka nthawi yongodikira kuti chimene mwamata chikhazikike. Nthawi yotere mwini galaja sangakugulitseni pa mtengo woti n'kuukwanitsa, pamene munthu wa pakhomo ali nayo yosalipira. Nditsamira kwambiri pa Chevrolet Corvette ya ku America, poti ndiyo idatchuka kuposa zonse mwa magalimoto a bodi yotere, ngakhale kuti zambiri mwa izi zikukhudzanso Lotus ndi TVR za ku Britain.

Corvette idaonetsedwa koyamba mu Januwale 1953 pa chionetsero cha General Motors ku hotela ya Waldorf-Astoria mumzinda wa New York, ndipo pa 30 Juni chaka chomwecho yoyamba idatuluka m'fakitale ku Flint, m'chigawo cha Michigan. Chaka chimenecho adapanga 300 zokha, zonse zoyera kunja ndi zofiira m'kati. Bodi ya chitsulo imafuna zikombole zachitsulo zolemera ndi makina opsinja amphamvu zedi, ndipo ndalama zogulira zimenezi zimabwerera pokhapokha mukagulitsa magalimoto zikwizikwi. Faibagalasi ndi wosiyana. Ndi ulusi wa galasi woviikidwa mu rezini, utomoni wopangidwa ku fakitale umene umauma gwa akauthira mankhwala oumitsira, ndipo chikombole chake chingapangidwe m'shedi. N'chifukwa chake adakondedwa ndi anthu a mpamba wochepa koma a maloto aakulu. Bill Tritt wa ku California adali wopanga maboti asanayambe kuumba bodi ya Glasspar G2. Colin Chapman adaonetsa Lotus Elite mu 1957, galimoto imene bodi yake ya faibagalasi inkasenza yokha katundu amene m'magalimoto ena amasenzedwa ndi chasisi. Ku Cape Town, Bob van Niekerk ndi Willie Meissner adatulutsa GSM Dart mu 1958 ndi njira yomweyo. Zida zawo zidali bulashi, sizasi, chitini chosakanizira ndi kachitsulo kogudubuza kotulutsira mpweya. N'zoona kuti General Motors, kudzera ku kampani ya Molded Fiber Glass ya ku Ashtabula, idayamba kupsinja zidutswa za Corvette m'zikombole zachitsulo, koma ngakhale pamenepo zidutswazo ankazilumikiza ndi manja, pozimata pa timizere ta faibagalasi toikidwa kuseri kwa msoko uliwonse. Chinthu chimene chidabadwa ndi zida zotere sichisowa fakitale kuti chichire.

Chovuta ndi mmene chimaonongekera. Chitsulo chikagundidwa chimapindika, ndipo wokhoma magalimoto amaona polekezera bala, n'kulibweza ndi hamala. Faibagalasi sapindika n'kukhala chipindikire. Amalowa m'kati, n'kubwerera pamalo pake ngati palibe chachitika, koma ulusi wa m'kati mwake utathyoka ndipo rezini atasweka. Pakapita nthawi pa penti pamatuluka timing'alu toonda kuposa tsitsi, tina tofalikira mbali zonse kuchokera pamene mwala wa tayala udamenya kunsi, tina tozungulira chogwirira chitseko, ngodya za boneti, kapena pomangira mahinji, malo amene amagwedezeka tsiku ndi tsiku. Wofuna kumaliza msanga amapala pamwamba, n'kupaka fila, n'kupopera penti, ndipo galimoto imatuluka ikunyezimira. Zili ngati kuzira khoma long'aluka pamene maziko akusunthabe: mvula ikangodutsa kamodzi, mng'alu uja umabwerera mu mzere wake womwewo. Fila alibe ulusi, choncho sangagwire mbali ziwiri zimene zikukokana. Ma Corvette ndi ma Lotus ambiri amene akugulitsidwa lero ali ndi penti wa mibadwo ingapo, wina pamwamba pa mnzake, ndipo pansi pa aliyense pali ntchito ya munthu amene adathamanga.

Kukonza koona kumayamba ndi kukulitsa bala, chinthu chimene chimaumitsa thupi aliyense amene akuchichita koyamba. Mng'alu amaupala mpaka wonse utatha, osasiya ndi kamzere komwe, ndipo m'mbali mwake amapalamo motsetsereka, mulifupi mwa kutsetserekako mukhale pafupifupi ka 12 kuchindikala kwa bodiyo. Pa chidutswa cha mamilimita 3, ndiye kuti masentimita oposa 3 mbali iliyonse. Akatsuka ndi asetoni, amayamba kumata kuseri kuti mbali ziwirizo zigwirane zili pamzere, kenako n'kudzaza kumaso. Mphasa ya ulusi wodukaduka saidula ndi sizasi pa ntchito ya kumaso, amachita kuing'amba ndi zala kuti m'mphepete mwake mukhale manyenje olowerera bwino. Mankhwala oumitsira, otchedwa MEKP, amathira 1 kapena 2 peresenti ya rezini basi. Akachuluka, rezini amatentha m'chitini, amauma wophwanyika, ndipo angathe kuyaka. Kuchokera pamenepo munthu ali ndi mphindi 15 kapena 20, kukatentha zocheperapo. Bulashi saikoka monga popenta, amachita kudinda nayo, ndipo diso limayang'ana chinthu chimodzi: mphasa yoyera ija iyenera kusanduka yoonekera m'kati pamene ikumwa rezini. Kadontho kalikonse kotsala koyera ndi mpweya wotsekeredwa, ndipo mpweya umenewo udzatukumula penti tsiku lina dzuwa likadzakula. Nsalu yoluka, ngakhale ili yolimba, saiika kumaso, poti kalukidwe kake kamadzaonekera pa penti pakapita miyezi.

Mfundo yomalizayi ndiyo mtima wa nkhani yonse. Rezini wa poliyesita amanyala akamauma, ndipo samaliza kunyala tsiku limene wauma. Pakatha ola limodzi amamveka wolimba pogogoda, mawa lake amapalika bwino ndi sandipepa, koma m'kati mwake ntchito ikupitirira pang'onopang'ono kwa milungu, ndipo kutentha kwa dzuwa kumaifulumizitsa. Fila amachita chimodzimodzi, pulaima wochindikala nayenso. Mukapopera penti pa chigamba cha dzulo, chigambacho chidzatsika pang'ono kwambiri, mwina kuchepera kuchindikala kwa pepala, koma pa penti wakuda wonyezimira malire ake adzaoneka kwa aliyense woimirira pambali. Mankhwala ake ndi amodzi okha: kumata, kutulutsa bodi padzuwa, kudikira, kupala, kupopera pulaima, kudikiranso. Pakati pake pali kupopera kankhungu ka penti wakuda pamwamba pa pulaima n'kupala ndi thabwa lalitali lokutidwa sandipepa. Pamene pakwera pamayera msanga, pamene patsika pamatsala mawanga akuda, ndipo munthu amabwereza mpaka mawanga atatha. Mwini galaja si wachinyengo akalephera kuchita zimenezi mokwanira. Ali ndi lendi, ali ndi antchito oti alandire kumapeto kwa mwezi, ndipo malo amene Corvette yaima ikuwothera dzuwa ndi malo amene pakadalowa magalimoto ena olipira. Magalaja odziwa bwino ntchitoyi alipo, ndipo amadikiradi, koma mtengo wawo nthawi zambiri umaposa mtengo wa galimotoyo ikatha. Pakhomo, mwezi wodikira sudya ndalama.

Kuchotsa penti wakale nakonso n'chimodzimodzi. Njira zonse zachangu zimaononga. Mchenga wopopera ndi mpweya, umene umayeretsa chitsulo m'maola ochepa, umadya rezini n'kusiya ulusi uli nyankhalala. Mankhwala amphamvu osungunula penti amalowerera m'bodi, amafewetsa rezini, ndipo otsalira ake amadzatulukira pansi pa penti watsopano. Makina opalira ozungulira amafafaniza mizere yakuthwa imene ili ulemerero wa Corvette Sting Ray ya 1963 mpaka 1967, ndipo mzere ukabulungika, kuubweza ndi ntchito ya masiku. Odziwa ambiri amapala penti wakale ndi lezala, kachigawo kakang'ono madzulo alionse, kenako n'kumaliza ndi sandipepa wouma, chifukwa faibagalasi wosapentedwa amamwa madzi ndipo madziwo amadzabwera ngati matuza. Ntchito yake ndi yotopetsa, yosafuna nzeru zakuya, ndipo ikalipiridwa pa ola imakhala yodula mosaneneka.

Wina anganene kuti ndikupeputsa luso, kuti munthu amene sanagwirepo rezini adzangoononga galimoto yosowa. Mawuwa ali ndi mbali yoona, koma kuopsa kwake sikuli kumene ambiri amakuyang'ana. Manja amaphunzira msanga, ndipo faibagalasi amakhululuka kuposa chitsulo: chigamba choipa amachipala chonse n'kuyambiranso, pamene chitsulo chotenthedwa mopitirira ndi wowotcherera wosadziwa chimapindika kotheratu. Chimene chimagwetsa anthu ndi kusadziwa chinthu chimene ali nacho m'manja. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Corvette idasintha n'kuyamba kugwiritsa ntchito mtundu wina wotchedwa SMC, wosalala mbali zonse ziwiri, umene uli ndi mankhwala oletsa kukakamira m'chikombole osakanizidwa m'kati mwake momwe. Rezini wamba wa poliyesita sagwira bwino pa SMC. Chigamba chimaoneka chabwino, kenako chimadzamatuka. Pamafunika epokisi kapena rezini wopangidwira ntchitoyo. Ndipo epokisiyo sagwirizana bwino ndi mphasa wamba ya ulusi wodukaduka, chifukwa guluu wogwira ulusiwo adapangidwa kuti azisungunuka mu poliyesita. Malo amene adamwa oilo kwa zaka, monga pafupi ndi injini, sagwira chilichonse mpaka atawadula. Zonsezi ndi zoti munthu awerenge ndi kufunsa asanatsegule chitini, ndipo magulu a eni magalimotowa ku America ndi ku Britain adazilemba mwatsatanetsatane. Umbuli wotere umapezekanso ku galaja yozolowera chitsulo, ndipo kumeneko ndi woopsa kwambiri chifukwa umabwera ndi kudzidalira.

Chotsutsa cha umoyo ndimachilemekeza kwambiri, ndipo pano ndigonja mbali ina. Fumbi la faibagalasi limayabwa pakhungu ndipo silifunika m'mapapo. Fungo lamphamvu la rezini ndi la sitairini, amene amapweteketsa mutu ndi kuchititsa chizungulire m'chipinda chotseka. Dontho limodzi la MEKP m'diso lingachititse khungu. Asetoni amayaka ndi kamoto kochepa. Zonsezi zimapeweka ndi masiki ya sefa yoyenera, magalasi oteteza maso, magolovesi, zovala zophimba thupi lonse, mpweya woyenda, ndi kusalola ana kufika pamene pakupalidwa. Koma penti wa masiku ano wosakaniza ndi choumitsira ali ndi mankhwala a isocyanate, amene angayambitse mphumu ya moyo wonse, ndipo chitetezo chokwanira ndi masiki yolandira mpweya wabwino kuchokera kunja, m'chipinda chopangidwira kupopera. Ameneyo asapoperedwe pakhomo. Bodi ikakonzeka, ipite kwa wopopera penti, ndi pempho loti asaiwotche mu uvuni wotentha kwambiri monga amachitira ndi chitsulo. Kugonja kumeneku sikugwetsa mfundo yanga. Kupopera ndi ntchito ya masiku ochepa. Kukonzekera kwake ndiko kumatenga miyezi, ndipo ndiko kumaweruza ngati pentiyo adzakhalitse.

Chotsutsa cholimba kuposa zonse chimachokera kwa amene amadziwa magalimotowa kunsi. Iwo amati kukamba za bodi yokha n'kudzinamiza, poti mawu akuti faibagalasi sachita dzimbiri apusitsa ogula ambiri. Akunena zoona. Corvette ya 1963 mpaka 1982 ili ndi chimango cha chitsulo chozungulira pokhala anthu, chimene chimagwira galasi la kutsogolo ndi zitseko, ndipo faibagalasi adamatidwa pamwamba pake. Madzi olowera m'mphepete mwa galasi amatsika m'mizati yake n'kuidya m'kati, kunja kukuoneka bwinobwino. Chasisi nacho chimaola kutsogolo kwa matayala a kumbuyo, pamene matope amakhazikika. Lotus Elan, imene idatuluka mu 1962, imakhala pa msana wa chitsulo chopyapyala umene umaola kotero kuti ambiri amangouchotsa n'kuikapo watsopano wokutidwa zinki. Pa TVR, mapaipi otulukira m'mbali pansi pa zitseko ndiwo amayamba kutha. Chitsanzo choonekera bwino chili pa mphuno ya Corvette ya 1968 mpaka 1972: pakati pa nyali pamatuluka timabampu tondondozana mumzere, monga tiziphuphu. Pansi pake pali marivete a aluminiyamu ogwira mtanda wa chitsulo, ndipo zitsulo ziwiri zosiyanazi zikanyowa zimadyana, chotupacho n'kukankha faibagalasi m'mwamba. Wopala timabamputi pamwamba pokha adzationanso. Chofunika ndi kuchotsa mtandawo, kutaya marivete, n'kuumata ndi guluu wa masiku ano.

Yankho langa ndi lakuti chotsutsachi chikungotiuza ndondomeko ya ntchito. Chitsulo chiyambe, ndipo ngati kuwotcherera kwake kuli pa malo osenza moyo wa anthu, kuchitidwe ndi wodziwa, faibagalasi woyandikira atachotsedwa poti amayaka. Bodi ibwerere pa chasisi, imangidwe, galimoto iimirire pa matayala ake, ndipo pamenepo m'pamene munthu angayese mipata ya zitseko ndi boneti. Bodi ya faibagalasi ikakhala miyezi pa timipando popanda choichirikiza imagwa mphuno ndi matako pang'ono, ndipo amene adalinganiza zitseko ili pamenepo amadzapeza kuti sizikutsekeka. Kuikapo, kuyesa, kuchotsa, kuonjezera kachitsulo kopyapyala pansi pa bawuti imodzi, kuyesanso: izinso ndi ntchito za munthu amene sakuwerengera maola. Ndi munthu yemweyo amene adzakumbukire kuti magetsi sadutsa mu faibagalasi, choncho nyali iliyonse imafuna waya wakewake wobwerera ku chasisi, ndiponso kuti zotchinga zachitsulo zonyezimira zophimba mawaya a mapulagi pa Corvette zidaikidwa kuti wailesi isamalire phokoso la injini, osati kukongoletsa chabe.

Palinso amene amati bwanji osangogula zidutswa zatsopano, poti ku America kuli makampani oumba chilichonse cha Corvette, kuyambira kachivundikiro mpaka mphuno yonse. Pamene chidutswa chidanyenyeka, kapena chidamwa oilo, kugula n'koyenera. Koma chatsopano sichifika n'kungokhala pamalo; chimafuna kudulidwa, kupalidwa ndi kumatidwa, ndipo chikaumbidwa ndi manja m'chikombole chotopa, ntchito yochilinganiza imaposa yokonza chakale. Mphuno youmbidwa yathunthu ilibe misoko ndi timizere tomatira ta ku fakitale, ndipo wodziwa amaizindikira akangosuzumira pamwamba pa tayala. Chimene General Motors yomwe idachita chikundithandiza pano. Pa 12 Febuluwale 2014 nthaka idatitimira pansi pa National Corvette Museum ku Bowling Green, m'chigawo cha Kentucky, ndipo magalimoto 8 adagwera m'dzenje. Imodzi idali Corvette yoyera ya 1992, ya nambala 1,000,000 chiyambire kupangidwa. Ataiphwasula adapeza kuti antchito a m'fakitale adasaina maina awo kuseri kwa zidutswa zake. Kampani imene ikadatha kupeza chidutswa chilichonse idasankha kukonza zoswekazo paliponse pamene zidatheka, kuti mainawo asatayike, ndipo ntchitoyo idatha mu 2015. Magalimoto 5 mwa 8 aja sadakonzedwe n'komwe, adasiyidwa monga adatulukira m'dzenje kuti anthu aziona. Corvette wamba ilibe maina kuseri, koma ili ndi guluu wofinyika m'misoko monga adamusiyira munthu wa ku St. Louis, kumene magalimotowa ankapangidwa kuyambira kumapeto kwa 1953 mpaka 1981, ndipo chimenecho sichigulitsidwa.

Sindikana kuti iyi ndi ntchito ya anthu amene mimba yawo ili kale bwino, ndipo kwa ambiri Corvette ndi ya pa kanema basi. Koma rezini ndi mphasa yake ndi zomwezo zimene amakonzera boti la faibagalasi kunyanja kapena kanope ya pikiapu, ndipo wokonza zimenezi akathamanga amalangidwa mofananamo, kusiyana kwake n'kwakuti boti likamatuka chigamba pamakhala miyoyo.

Nthawi yochuluka ili ndi msampha wakewake, ndipo ndiyenera kuutchula poti ndaitamanda kwambiri. Munthu amene sakuthamangitsidwa ndi aliyense amatha kupitirira muyeso. Magalimotowa sadatuluke m'fakitale ali osalala ngati galasi loyang'anira. Mbali zake zidali ndi timafunde, mipata ya zitseko idali yosiyana pang'ono kumanja ndi kumanzere, ndipo patapita zaka misoko inkaonekera pang'ono pansi pa penti. Wa pakhomo akazolowera thabwa lake lalitali amayamba kuona chilichonse ngati cholakwika, amakuta bodi yonse ndi fila, amafafaniza misoko, amapala ndi kunsi komwe kuti kusalale, ndipo chotuluka chimakhala galimoto yokongola imene sidakhaleko chiyambire, yolemera kuposa kale, yokhala ndi chikopa chochindikala chimene nachonso chidzang'aluka. Bungwe la National Corvette Restorers Society, limene lidayamba mu 1974, limaweruza galimoto poiyerekeza ndi mmene idatulukira m'fakitale, ndipo limachotsa mapointi pa ntchito yoposa pamenepo monga limachitira pa yoperewera. Si aliyense amene akufuna kukaonetsa galimoto yake kwa oweruza, ndipo mwini ali ndi ufulu pa chake. Koma asanayatse chopalira kunsi kwa mapiko a galimoto, ayenera kudziwa kuti ulusi woonekera, timizere tomatira ndi guluu wofinyikayo ndizo wogula wodziwa amayamba kuyang'ana pofuna kutsimikiza kuti mphuno ya galimotoyo ndi yomwe idachoka nayo ku fakitale.